Chitoliro Chidabwerako Chokha

Chaka chimene mdzukulu wanga adalowa Sitandade 8, pasukulu yathu padabwera mphunzitsi wachinyamata woyenda ndi wailesi ya kaseti m'chikwama cha nsalu. Sindidamukonde kuyambira tsiku loyamba. Ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ana oweta mbuzi, ndipo akakufunsa kuti mwadzuka bwanji, ankaima n'kudikira yankho lonse. Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, koma makutu ake adali ponseponse: kuchigayo, pamaliro, pamzere wa kuchipatala. Munthu wodikira yankho lonse ndinkamuyankha theka.

Mwanayo ndidamulera ndine. Mayi wake, mwana wanga wamkazi, adamwalira iye akukwawa. Mkamwini wanga sadabwerere kwawo monga amachitira ena mkazi akamwalira; adakhalabe pamudzi pathu, cha kuno ku Guilleme, akulima fodya ndi mtedza, akuyang'anira mwana wake. Ine ndi iye tinkapatsana ulemu wa chipongozi, tikakumana panjira wina ankapatuka. Koma ndinkamudziwa kuti pakamwa pake mpopepuka. Tsiku lina la msika ku Kamwendo, ali pabawo, adadandaula za mtengo wa feteleza n'kuwonjezapo dzina limene silinkatchulidwa pa nkhani zodandaula. Anzake adaseka, kupatula mmodzi. Mlungu usadathe, wina adatinong'oneza kuti mawu aja afika ku Boma.

Kwathu malire sali patali, ndipo othawira ku Zambia adali ndi kachokedwe kawo. Sankanyamula chikwama. Munthu ankadzuka m'mawa, kuvala nsanza zakumunda, khasu paphewa, mwana pambuyo atanyamula chigubu cha thobwa, ngati akukapalira munda wakutali. Akafika kumene minda imathera, khasu ankalisiya m'manja mwa mwanayo. Limayenera kubwerera kunyumba, chifukwa khasu lotayidwa m'tchire la kumalire anthu amalizindikira ndi mpini kuti n'la uje. Mdzukulu wangayo ndiye adaperekeza bambo ake, asadakwanitse n'komwe zaka khumi. Adabwerako dzuwa lili pamutu, akukoka khasu pansi poti lidamulemera. Sindidamufunse kanthu. Ndidalitsamiritsa kuseri kwa nkhokwe, n'kumuuza kuti kuyambira lero bambo ake ali ku Kasungu, akulima fodya pa esiteti.

A tcheyamani a chipani a dera lathu adabwera ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Ndidawayalira mphasa, ndidawauza za Kasungu. Adayang'anitsitsa mwanayo, mwanayo akuyang'ana nyerere pansi. Kenaka adanyamuka, nati adzabweranso. Sadabwere, koma sadanenenso kuti nkhani yatha. Zaka zingapo zidadutsa choncho. Ndinkadziwa kuti tsiku limene zoona zidzatuluke, adzatenga ine chifukwa chobisa munthu wofunidwa ndi boma, ndipo sukulu ya mwanayo idzathera pomwepo.

Ndiye Lachisanu lina la nyengo yozizira, titamaliza kukolola, ndidamumva mwanayo akulowa pabwalo akuimbira m'mphuno kanthu kosalongosoka. Kankakwera, kutsika, kuima, ngati munthu amene waiwala njira.

"Ukuimba chiyani, mkazi mnzanga?" Ndi m'mene ndinkamuitanira ndikafuna kuti amasuke.

"Nyimbo ya kusukulu, agogo. Ya aphunzitsi atsopano aja."

"Mawu ake akuti chiyani?"

"Ilibe mawu."

"Wawaiwala."

"Ayi, ilibe basi. Ndi zoimbira zokhazokha. Akuti waipeka ndi munthu wa dziko lakutali, posachedwapa, ndipo akadali moyo."

Nyimbo zonse zimene ndidakula nazo zidali ndi mawu: za kutchalitchi, za pamtondo, za chimtali, ndi zija tinkavina atatikweza pamalole kupita kumsonkhano wa chipani. Nyimbo ya mawu umadziwa mbali imene yaima, ukaona kuti njoopsa umatseka pakamwa. Nanga yopanda mawu uidziwa bwanji?

"Ndiye ngati simuimba, mumatani m'kalasimo?"

"Timamvetsera. Amatiuza kuti titsinzine. Choimbira china chikalowa, timakweza mkono."

"Iwowo amatsinzinanso?"

"Kaya, agogo. Ine ndimakhala nditatsinzina."

"Ndi zimenezotu. Kalasi yonse itatseka maso, munthu mmodzi akuyang'ana nkhope zanu."

Adaseka, nati ine ndimaganiza zambiri. Ndidamuleka aseke.

Mlungu wotsatira tidali kusenda mtedza pakhonde pamene adayambitsanso nkhaniyo. Adati tsiku limenelo aphunzitsi adawauza kuti atsatire choimbira chilichonse ndi chala m'mwamba, chikakwera chala chikwere, chikatsika chitsike, kenaka adawatulutsa panja kuti ayende motsata kugunda kwake. Adatola kamtengo n'kundijambulira pansi mizere iwiri, wina wonenepa, wina wowonda.

"Zimayamba ziwiri, agogo. Chachikuluchi chili ngati kaligo, koma akuti n'chachitali ngati munthu, amachiimika pansi pochiimba. Mawu ake ndi apansi, chimayenda mosafulumira, du, du, du. Pambuyo pake kachitoliro, kamachita kuthamanga kuti kachipeze. Zimapita, zimapita. Kenaka zii. Mpaka anyamata amati mabatire atha, koma aphunzitsi akuti cheteyo ndi nyimbonso, mwini wake adamuikamo dala."

"Kenaka?"

"Kenaka kachitoliro kamayambanso, kokha. Chachikulu chija sichimvekanso mpaka kumapeto. Koma pansi pake pamakhala kanthu kakukwekwereza, khwee, khwee." Adafufuta mizere ija ndi phazi. "Ndi khasu lija, agogo."

Chichokere bambo ake, khasulo adali asadalitchulepo. Ndidayang'ana kunjira, ndidayang'ana kuseri kwa bafa, kenaka ndidamufunsa kuti wauza ndani.

"Palibe. Koma Lachisanu likubwerali aliyense adzaimirira kunena nkhani imene akuimva m'nyimbomo. Akuti palibe yankho lolakwa."

M'dziko mwathu nthawi imeneyo mayankho olakwa adalipo ambiri, ndipo ena mwa iwo munthu ankapita nawo osabwerako. M'kalasi momwemo, cha kutsogolo, munkakhala mwana wamkazi wa a tcheyamani. Ndidali nditamuuza kale mdzukulu wangayo kuti ameneyo asadzagawane naye ngakhale nzimbe.

M'mawa mwake ndidaika mtedza m'kansengwa n'kupita kunyumba za aphunzitsi. Ndidamupeza atayanika mabatire padzuwa pazenera, iye ali pampando akuzunguza kaseti ndi bolopeni. Adati amatero kuti nyimbo ibwerere poyambira popanda kutha mabatire. Buluku lake lidali losita bwino, tsitsi lometa monga lamulo linkafunira. Padalibe chomugwira nacho, ndipo zimenezo sizidandisangalatse.

"Agogo, mwadzivutitsiranji? Khalani pampandopa."

"Pansi pomwepa pali bwino, aphunzitsi. Ndamva kuti mukuphunzitsa ana nyimbo yochotsedwa mawu. Adawachotsa ndani?"

"Palibe adachotsa. Mwini wake adaipeka choncho."

"Akuti ali moyo?"

"Ali moyo, ndipo si wamkulu kwenikweni. Kasetiyi adandijambulira mnzanga wa kukoleji."

"Ndiye osangomufunsa bwanji mwini wakeyo kuti akutanthauzanji, m'malo movutitsa ana?"

Adaseka mpaka bolopeni idagwa. "Ngakhale akadakhala pano sakadanena, agogo. Amafuna womvera aikemo zake."

"Zake ziti?"

"Zimene zili mumtima mwake."

"Zikatuluka mumtimamo zimapita kuti?"

"Sizipita kulikonse. Zimathera m'kalasi momwemo."

"Kalasi yopanda magalasi m'mazenera ija? Nanga zimenezi zidzabwera pamayeso a boma?"

"Ayi, sizibwera."

"Ndiye wakutumani ndani?"

Apa sadaseke. Adandiyang'ana, nati palibe wamutuma. "Ndikungofuna ana aphunzire kumvetsera. Amaimba bwino kwabasi, koma amangobwereza zimene auzidwa. Sadafunsidwepo kuti iwo akuganiza chiyani."

Ndidayang'ana kukhomo la nyumba inayo ngati pali amene wamva. Munthu wonena mawu otere masana dzuwa likuswa mtengo, mwina adali chitsiru, mwina adali nyambo yoti ine ndivomereze. Sindidavomereze, sindidatsutse. Ndidati kukuzizira chaka chino.

Adafuna kundiyatsira wailesi kuti ndimve ndekha. Ndidati makutu anga adatha kalekale. Ndikudzuka kuti ndizipita, adandiperekeza mpaka pamtengo wa bulugamu, nati, "Mdzukulu wanu amamvetsera kuposa onse. Kodi bambo ake amaimba?"

"Ali ku Kasungu," ndidatero.

"Mbali iti? Ndili ndi abale kumeneko."

"Kaya, aphunzitsi. Ine sindidayendeko."

Njira yonse yobwerera ndinkamva ngati maso ake ali pamsana panga. Mwina adafunsa mwaulemu chabe. Mwinanso ayi.

Ndidaganiza zomugoneka mwanayo kunyumba Lachisanu, tinene kuti wadwala malungo. Koma mwana womvetsera kuposa onse akajomba tsiku lomwelo, amadzamufunsa payekha mlungu winawo, ndipo payekha ndi poipa kuposa pagulu. Kudali bwino apite, ali ndi nkhani yokonzeratu. Tidakaikonzera kudimba, kumene wobwera umamuona akadali patali. Vuto lidali limodzi: nkhani iliyonse imayenera kunena kumene wamkuluyo watsala.

"Tinene kuti ndi bambo ndi mwana akupita kumsika," adayamba iye.

"Bambo ayi. Mwamuna asapezekemo."

"Ng'ombe ndi mwana wake. Ng'ombeyo aigulitsa, kamwanako kabwerera kokha."

"Aigulitsa kwa yani? Kuno ng'ombe ikachoka amati yalowa ku Zambia. Adzafunsa kuti nja ndani."

"Akupita kuchigayo. Cheteyo ndiye kuti chigayo chazima."

"Chazimiranji? Ukufuna unene pagulu kuti dizilo wasowa?"

"Maliro, ndiye."

"A ndani? Wafa ndi chiyani? Ukati matenda, ndiye kuti ukunena kuti kuchipatala kulibe mankhwala. Ukati njala, tonse tikagona kupolisi. Njala kulibe m'dziko muno, sudamve pawailesi?"

Adaponya kheni pansi, madzi adandithovukira m'miyendo. "Ndiye kulibe chimene chimachitika m'dziko muno, agogo?"

"Chilipo. Akazi amatunga madzi."

Tidaipanga choncho. Mayi ndi mwana akupita kuchitsime m'mawa. Mayi akuyenda mosafulumira, mwana akuthamangira pambuyo. Pachitsime akutunga, sakuyankhula. Mayi watsala akuchapa, mwana wabwerera yekha akukoka nthambi ya nkhuni. Ndidaitembenuza uku ndi uku, sindidapezemo boma, malire kapena mwamuna.

"Koma si zimene ndikumva, agogo."

"Umve ndi makutu ako, koma uyankhe ndi pakamwa panga. Ukangotchula khasu, sukulu yako yatha, ndipo ine akandisunga kumene sudzandionanso. Bwereza."

Adabwereza mpaka tidamaliza kuthirira mpiru wonse. Pobwerera sadayende pambali panga.

Nyengo imeneyo makolo ankaumba njerwa za chipinda chatsopano cha pasukulu, amuna akuponda dothi, akazi akutunga madzi, midzi ikusinthana masiku. Lachisanulo silidali tsiku la mudzi wathu, koma ndidanyamula ndowa n'kupita, ndikunena kuti ndikubweza tsiku limene ndidajomba. Dzenje lopondera dothi lidali kuseri kwenikweni kwa Sitandade 8. Nditafika ndidapeza akazi a tcheyamani ali ndi ndowa pamutu. Mayi ameneyo pa ntchito za chitukuko sankasenza kanthu. Ankaima pamthunzi n'kumaloza. Ndidati mumtima, basi, awatuma kudzamvera zimene ana anene. Tidapatsana moni wautali, wofunsana mpaka za nkhuku, aliyense akuyang'ana ndowa ya mnzake.

Masana ndithu, ndili pansi pa zenera ndi madzi pamutu, wailesi idayamba. Poyamba padangomveka kaphokoso ngati mvula yakutali. Kenaka chachikulu chija chidalowa, liwu lake ngati la mwamuna woyankhulira pansi kuti a nyumba inayo asamve. Kachitoliro kadatsatira, kamiyendo kakafupi, kakupunthwa, kakupezanso njira. Sidali nyimbo yoti n'kuvina. Ukati wapeza poponda, yasintha kale. Idapita choncho mpaka ndidaiwala kuti khosi likuwawa. Ndiye zii. Bambo wina m'dzenjemo adati, "Yafa wailesi ya aphunzitsi," anzake n'kuseka. Ine ndidadzifunsa kuti kodi kumapeto kwa minda kuja mkamwini adamuuza chiyani mwana wake, kapena adangomupatsa khasu osanena kanthu. Kachitoliro kadayambanso kokha, kakunjenjemera, ndi kokwekwereza kaja pansi pake. Khasu lenilenilo tsiku lija ndidalimva ndi makutu anga likulowa pabwalo panga. Sindinena kuti zidafanana. Ndingonena kuti ndowa ndidaitula pansi.

Aphunzitsi adayamba kuitana ana mmodzimmodzi. Mnyamata wina adati ndi lole yodzaza ikukwera mtunda wa kumalire, wanjinga atagwira kumbuyo kwake. Lole yaima pachipata, wanjinga wapitirira tcheni chikukhula. Kalasi idafa ndi kuseka. Aphunzitsi sadamukalipire. Adabweza kaseti pang'ono, nati, "Tiwonetse pamene lole yaima. Ukamva, menya desiki." Mnyamatayo adamenya msanga, nati lole yake mabuleki ngabwino. Mtsikana wina adati ndi ng'ombe ndi kakowa. Wina adati sadamve kanthu koma njala, aphunzitsi nati nayonso ndi nkhani, akhale pansi. Aliyense ankamufunsa chimodzimodzi: wamva pati, choimbira chiti, chifukwa chiyani. Ankakumba ngati wapolisi, koma akumwetulira.

Adaitana mdzukulu wanga. Ndidamva benchi ikukhukhuluzika. Adanena nkhani ya chitsime yonse, osasiya kanthu, ndi liwu lowuma ngati akuwerenga pabolodi.

"Nanga chete uja?" adafunsa aphunzitsi.

"Akutunga madzi. Sakuyankhula."

"Chifukwa chiyani kachitoliro kakunjenjemera pobwerera? Popita sikamatero."

Ndidagwira khoma.

"Nkhuni ikulemera, sala."

"Hmm. Basi?"

"Basi, sala."

Adamuuza akhale. Ndidapuma, ndidawerama kuti ndisenze ndowa yanga. Ndipomwe adaitana mwana wa a tcheyamani.

Mtsikanayo adaimirira. Kenaka adati, mothamanga ngati mawu akumuotcha, "Ndi mayi ndi mwana akupita kuchitsime m'mawa. Mayi watsala akuchapa. Mwana wabwerera yekha akukoka nkhuni."

"Wakopera! Wakopera!" kalasi idakuwa.

"Sindinakopere! Ndinabwera nayo kuchokera kunyumba!"

Aphunzitsi adamenya tebulo kuti akhale chete. Liwu lake lidasintha. Adati m'kalasi monse, awiri amenewa ndiwo amamvetsera kwenikweni, amawaona nkhope zawo nyimbo ikamalira, ndipo sakukhulupirira kuti onse awiri amva chitsime ndi nkhuni. "Pali amene wakupatsani nkhani imeneyi. Anzanu akaweruka mutsale. Ndikuyatsirani kachiwiri, mmodzimmodzi, mundiuze zimene mukumvadi."

Choyamba ndidaganiza kuti mdzukulu wanga waulula, wakhala akunong'onezana ndi mtsikanayo kuseri. Koma mtsikanayo adali atanena kuti wabwera nayo kuchokera kunyumba. Ndidacheuka kuyang'ana mayi wake. Adali chiimire, ndowa itapendekeka pamutu, madzi akutsikira kumsana mpaka kunyowetsa chitenje, iye osamva. Apo ndipo ndidakumbukira mwana wawo woyamba, mnyamata wamkulu amene ankati ali ku Lilongwe kofuna ntchito. Agogo ake atamwalira sadabwere kumaliro, ndipo padalibe amene adalimba mtima kufunsa chifukwa chake. Ndiye kuti nayenso mayiyu adakhala pansi ndi mwana wake, kutaya msika, kutaya chigayo, kutaya maliro, mpaka kutsala ndi chitsime. Tonse awiri tidafuna nkhani yoti isaoneke, ndipo m'dera lonse nkhani yotere idalipo imodzi yokha.

Mayi uja adatula ndowa, adamanga bwino chitenje chonyowacho, n'kusuzumira pazenera.

"Aphunzitsi, pepani kukulowererani pa ntchito yanu. Ana awa musawavutitse. Amatunga pachitsime chimodzi, m'mawa uliwonse amaperekezana. Mumafuna amve chiyani china?"

Lidali bodza loyera. Ife tinkatunga kudambo, iwo adali ndi mjigo pafupi ndi nyumba yawo, ndipo pakati pathu padali midzi ina. Ana ambiri m'kalasimo ankadziwa zimenezo, amuna a m'dzenje ankadziwanso. Koma wonena adali akazi a tcheyamani. Adatembenukira kwa ine.

"Si choncho, agogo?"

"Ndi choncho, amayi," ndidatero, ndikusuzumira nanenso. "Nkhuni yomweyo amachita kulandizana pokoka."

Ana adaseka. Aphunzitsi adatiyang'ana tonse awiri, kenaka adayang'ana atsikana aja. Sindidziwa chimene adaona. Adati ngati ndi choncho n'zomveka, anthu oyenda njira imodzi amamva zofanana, ndipo atsikanawo asatsale. Adazimitsa wailesi n'kuyamba kutulutsa mabatire, ngakhale padali ana ena amene adali asadanene nkhani zawo.

Ife tidasenza ndowa zathu kubwerera kokatunga, iye patsogolo, ine pambuyo. Tidayenda mpaka sukulu idabisika ndi nthochi.

"Nyimbo zopanda mawuzi zikusokoneza ana," adatero osacheuka. "Mayeso ali pafupi."

"Ndimaganiza zomwezo, amayi."

"Ndiwauza bambo kunyumba akaonane ndi ahedi."

"Mwachita bwino."

Za Lilongwe sindidafunse. Za Kasungu sadafunse.

Lachisanu lotsatira wailesi sidabwere m'kalasi. Ana adabwerera ku nyimbo za masiku onse, zimene tinkazimva tili kumunda n'kudziwa kuti palibe choopsa. Aphunzitsiwo adakhala mpaka chaka chidatha, akuperekabe moni kwa aliyense, kenaka adawasamutsira kwina. Ngati adali kazitape, kwathu adachoka chimanjamanja. Ngati sadali, ndiye kuti adali mwana wabwino wobadwa pa nthawi yolakwika. Mpaka lero sindidziwa, ndipo ndikadabwerera ndikadachita zomwezo.

Mdzukulu wanga adalemba mayeso ake popanda womuitana kuofesi, ndipo pakhomo panga sipadafike mlendo wa chipani. Koma mtima sudakhale pansi. Tsopano mayi uja ankadziwa zanga, ine ndinkadziwa zake, kungoti iye kunyumba kwake kudali mwamuna woti akayankhula anthu amatengedwa, ine kwanga kudali mwana wasukulu amene adatha masiku akundiyankha ndi mutu wokha.

Tsiku lina masana akazi a tcheyamani adafika okha pakhomo panga, chinthu chimene sadachitepo, atasenza dzungu lalikulu. Adati lachuluka kwawo, likungowola. Ndidalilandira ndi manja awiri, ndidathokoza, ndidawaperekeza mpaka kunjira. Nditabwerera ndidalidula, ndidaduladula kachidutswa n'kuponyera nkhuku yakuda ija yosaikira. Ndidakhala pakhonde ndikuiyang'ana mpaka mthunzi udafika pankhokwe, ndipo pamenepo ndidaphika.

Mwanayo adali ataona zonse. Nditamuikira mbale, adayankhula koyamba ndi pakamwa.

"Agogo, dzungu lomwe mukuliopa?"

"Idya," ndidatero. "Nkhuku ija ikuyendabe."